Bowa wa a Vindikirani

Amuna ena akapuma pantchito amagula mpando wandalema n'kukhala pakhonde kumaonerera magalimoto odutsa. Akazi awo amadandaula kuti munthu wangokhala ngati katundu, koma sadziwa mwayi wawo. Amuna awo a mayi telala atapuma anagula diramu, mpukutu wa matumba apulasitiki ndi botolo la sipiriti, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muja simunakhalikenso.

Bamboyo mumsewu monse ankadziwika kuti a Vindikirani. Dzinali analitola kuntchito. Moyo wawo wonse anagwira mu labotale ya pakoleji ina ya zaulimi, osati ngati mphunzitsi, koma ngati munthu wotsuka timbale tagalasi tomeretsera tizilombo ndi kukonza matebulo ophunzira asanalowe. Wophunzira akangotsegula kambale n'kutembenuka kuti aseke ndi mnzake, bamboyo ankatulukira kumbuyo kwake. "Vindikirani! Mukuganiza kuti mumpweyamu mulibe kanthu?" Ophunzira ankawayesezera m'makonde, ndipo dzinalo linawatsatira mpaka kunyumba.

Kunyumbako zinali chimodzimodzi. Kapu ya tiyi, vindikirani. Ndowa ya madzi, vindikirani. Tsiku loyamba kukacheza kwa apongozi awo anavindikira madzi a apongoziwo ndi sosala, eni ake akuona. Mayi telala anapirira zonsezi, analera ana awiri amene anakula manja atayera ndi sopo, ndipo ankadzitonthoza kuti munthuyu akadzapuma adzaiwala za tizilombo. Anadzinamiza.

Bamboyo anaganiza zolima bowa, ndipo chipinda chimene anachisankha chinali chakumbuyo, chija cha zenera lalikulu, mmene mayiwo ankasokeramo. Makina osokera anasamutsidwira pabalaza, pakona pamene munthu kuti alowetse ulusi pasingano ankachita kupemphera. Zenera lija linakutidwa ndi chiguduli. Mashelefu anakhomedwa, pakhomo anaikapo beseni la madzi amankhwala loviikamo mapazi, ndipo kiyi anaimangirira pachingwe n'kuivala m'khosi.

Chipindacho mayiwo chinawawawa, inde, koma chipinda ndi chipinda. Chimene chinadzawasowetsa mtendere kwenikweni n'chakuti m'chipindamo amuna awo anayamba kutulukamo akutsokomola, ndipo chifuwacho sichinkatha.

Koma tiyambe ndi mapoto, chifukwa ndiwo anayamba kuzunzika. Mbewu ya bowa imameretsedwa pa tirigu wophika, ndipo tsiku lina m'mawa mayiwo anapeza poto wawo wamkulu wadzaza tirigu woviikidwa m'madzi.

"Abambo, ichi n'chiyaninso?"

"Musagwire, mayi. Ndikuwadzutsa."

"Mukudzutsa ndani m'poto wanga?"

"Mabakiteriya. Alipo ena ochenjera kwambiri. Akaona kuti zinthu zavuta amadzitsekera m'kachigoba kolimba n'kugona tulo. Inu muwiritse mmene mungathere, iwo samva kanthu. Ndiye timaviika kaye kuti aziti kunja kwacha, atuluke m'zigoba, kenako timawaphika."

"Ndiye ine ndiphikire m'chipewa chanu?"

Bamboyo nthabwala zotere sankazimva. Anapitiriza kufotokoza za tirigu amene amanunkha chowawasa mabakiteriya akapambana, za utuchi umene umayenera kufukizidwa ndi nthunzi m'diramu, ndi za mdani wamkulu kuposa onse, nkhungu yobiriwira. Imeneyo, ankatero, ikangolowa m'chipinda ndiye kwatha. Tinjere take timakhala m'ming'alu ya khoma, m'matabwa, paliponse, ndipo ungatsuke bwanji imabweranso. Ankafotokoza pakudya, ankafotokoza mayiwo akuyeza kasitomala m'chiuno, ankafotokoza ngakhale kwa munthu wodzawerenga mita ya madzi, amene anafika pomayamba wasuzumira pageti asanalowe.

Bowa anamera, ndipo tisawanamizire, anali wokongola. Ankatuluka m'mabowo a matumba ali magulumagulu, woyera, wofewa ngati khutu la khanda. Anthu a mumsewu analawa, achibale analawa, ndipo mayi telala anadya bowa mpaka kumulota.

Tsono apa ndi pamene panali kupusa kwa munthu wochenjerayu. Pothira mbewu m'matumba ankavala masiki, magolovesi ndi chipewa, n'kupukuta chilichonse ndi sipiriti. Ankati bowa akadali wakhanda, mpweya wa munthu ungamupatse matenda. Koma ikafika nthawi yokolola, masiki ankaikoleka pamsomali. "Wakula tsopano, sandiopanso," ankatero. Komanso sankafuna kuthyola bowa msanga. Ankamusiya atambasuke mpaka m'mbali mwake mupindikire m'mwamba, ati kuthyola wanthete n'chimodzimodzi kuchotsa mwana sukulu asanamalize. Bowa wokhwima chonchi amamwaza njere zake, tinthu tosalala kuposa ufa. Mashelefu ankachita mbuu, ndipo bamboyo ankakhala m'menemo nthawi yaitali, kutembenuza matumba, kuwaza madzi, kuimba pang'onopang'ono. Munthu anateteza bowa kwa anthu ndi mtima wake wonse, koma sizinamubwerere m'mutu kuti adziteteze yekha kwa bowayo.

Akatuluka m'chipindamo, pakapita kanthawi ankayamba kunjenjemera ngati malungo. Ankafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Mawa lake ankadzuka bwinoko n'kubwereramo. Ankati ndi chimfine, kenako anati ndi kusintha kwa nyengo, kenako anati ndi fumbi la nsalu za mayiwo. Pamenepo mayi telala anaika lumo pansi kuti angachite nalo zina.

Telala sanamizidwa pa nkhani ya thupi. Mabuluku a amuna awo anawabweza m'chiuno, patapita nthawi anawabwezanso, mpaka matumba akumbuyo anatsala pang'ono kukumana. Kolala ya shati inayamba kulendewera pakhosi. Tsiku lina anawaona akupumira pakati pa njira yochokera pageti kufika pakhomo, dzanja lili pakhoma, akunamizira kuyang'ana mng'alu. Mayiwo anachita mantha, ndipo mantha awo ankatulukira pakamwa ngati ukali.

"Valani nsapato. Tikupita kuchipatala."

"Matumba atsopano sindinawaze madzi."

"Mukapanda kuvala ndikuvekani ndekha, anthu aone."

Kuchipatala anayeza makhololo poganiza kuti ndi chifuwa chachikulu, sanapeze kanthu. Anajambula pachifuwa. Dokotala wake anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa, ndipo anafunsa funso limene aliyense wa mumsewu mwawo akanamuchenjeza kuti asafunse: "Bambo, masiku ano mumagwira ntchito yanji?"

Bamboyo anayambira pa tirigu. Dokotala anamvetsera, anamvetsera, kenako anawadula.

"Mukatuluka m'chipindamo ndi pamene thupi limatentha?"

"Eya," anayankha mayiwo amuna awo asanatsegule pakamwa.

"Ndiye vuto ndi njere za bowayo. Mukazipuma mapapo anu amatupa polimbana nazo. Mukapitiriza, kutupako kudzasanduka zipsera, ndipo zipsera za m'mapapo sizichoka. Bowa achoke panyumbapo, ndipo inu musamuyandikirenso."

"Adokotala, bowa si kachilombo. Sangamere m'thupi mwa munthu."

"Sindinati akumera, bambo. Ndati mapapo anu sakumufuna."

Pobwerera bamboyo anali chete mtunda wonse, chinthu chimene mayiwo anali asanachionepo chikwatiraneni. Anaganiza kuti mawu alowa. Atafika kunyumba bamboyo anamwa mankhwala awo bwinobwino, anapukuta pakamwa, n'kulengeza kuti aziyamba kuvala masiki pokolola. Anavaladi kwa masiku ochepa. Kenako masikiyo inatsikira pachibwano chifukwa ati imawabanikitsa. Kenako anati azingoima pakhomo n'kumayang'ana. Munthu woima pakhomo uja mayiwo ankamumva akutsokomolera mkati mwenimweni, kuseri kwa mashelefu.

Anayesa kuwanyengerera. Anayesa kukalipa. Anayesa kusawalankhula, koma bamboyo sanazindikire n'komwe, chifukwa kulankhula kwawo sikunkafuna woyankha. Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anaimba foni.

"Amayi, ingotengani matumbawo mukataye, basi."

"Iwe, bambo akowa sukuwadziwa? Ndikataya lero, mawa diramu ili pamoto. Bola ukanakhala pafupi ukanaona wekha."

"Ndiye muwauze kuti ine ndakwiya."

"Ndiwauza, mwanangu. Achita mantha kwambiri."

Anaika foni pansi ali ndi mkwiyo woposa poyamba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo womva m'mimba pankhaniyi anali iwo. Anakhala pamakina osapalasa, akuganiza. Munthuyu sakanagonja kwa mkazi wake, kapena kwa mwana, kapena kwa dokotala. Chinthu chimodzi chokha ndicho ankachiopa ndi kuchilemekeza, ndipo iye mwini ndiye anawaphunzitsa zonse za chinthucho.

Mawa lake anapita kumsika kwa mayi wogulitsa zipatso amene ankawasokera madiresi.

"Asisi, mundipatseko lalanje lowola."

"Lowola? Abwino ali apawa, otsekemera."

"Ndikufuna la nkhungu. Lobiriwira kwambiri, loti ukaligwira lizifuka."

Mayi wa zipatsoyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anavundukula katoni ya zotaya, n'kuwapatsa limodzi osafunsanso china. Pamsika anthu amaona zambiri.

Kiyi inkachoka m'khosi nthawi yosamba yokha. Masana amenewo madzi atangoyamba kuthira kubafa, mayi telala anaitenga pampando, analumpha beseni la pakhomo lija osaviikamo phazi, n'kulowa m'chipinda chawo chakale. Munali chinyezi ndi fungo la matabwa onyowa. Anaika lalanjelo pansi pa shelefu yomalizira, pafupi ndi kabowo kolowera mphepo. Kenako anasolola singano yaikulu pachifuwa pa diresi n'kuboola matumba atsopano amene bowa anali asanagwire bwino, kumbuyo, kosaonekera. Chikhalire anali asanawonongepo chinthu cha munthu mwadala, ndipo matumbawo anali atamangidwa mwaudongo kotero kuti anamva chisoni. Koma kubafa kunamveka chifuwa chija, chachitali, chokoka, ndipo anaboola ena owonjezera.

Masiku otsatira anali ovuta. Mayiwo ankayembekezera mfuu, ankayembekezera kufunsidwa ngati kukhoti. Sikunabwere kanthu. Bamboyo ankalowa, osakhalitsa n'kutuluka, n'kukhala pampando manja ali pamaondo. Pakudya sankafotokozanso za mabakiteriya. Mayiwo anadabwa kupeza kuti chete amene anamulakalaka zaka zonsezi sankakoma.

"Bowa ali bwanji?" anafunsa tsiku lina, maso ali pambale.

"Nkhungu yalowa."

"Ayi! Yalowa bwanji?"

"Imalowa," anatero bamboyo, osawonjezera.

Kenako linafika tsiku loti mayiwo akapereke mayunifolomu kusukulu ina. Anachoka m'mawa, anachedwa chifukwa mphunzitsi wamkulu ankafuna kuona chovala chilichonse payekha, ndipo anabwerera dzuwa litapendeka. Geti linali lotsegula. Chitseko cha chipinda chakumbuyo chinali pululu, chiguduli cha pazenera chitachotsedwa. Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzenje la zinyalala, panali mulu wa matumba obiriwira ngati ndere, ena atang'ambika. Wilibala inali itagwa cham'mbali. Amuna awo anali pansi atatsamira khoma, masiki ili m'manja, milomo itada, mapewa akukwera ndi kutsika ngati munthu amene wathamangitsidwa.

Mayiwo anakuwa mpaka aneba a galimoto anatuluka opanda nsapato. M'galimotomo mayiwo anagwirizira mutu wa amuna awo pamiyendo, akulira uku akukalipa. Anali ndi chitsimikizo chonse kuti munthuyu analowa m'fumbi lobiriwiralo kuti asankhe matumba abwino awapulumutse. Ndipo pansi pa mkwiyowo panali china chowawa kuposa: nkhunguyo anaibweretsa ndi iwo eni, ndi manja awo. Walira mvula walira matope.

Kuchipatala anawagoneka n'kuwaika timapaipi ta mpweya m'mphuno. Dokotala yemwe uja anaitanira mayiwo pakhonde.

"Achira, mayi, musaope. Koma apuma fumbi lambiri nthawi imodzi pamapapo otupa kale. Gawo lina silibwereranso mwakale. Aziyenda pang'onopang'ono, ndipo ntchito zolemetsa aiwale."

Mayi telala anagwedeza mutu, anathokoza, n'kulowa m'wodi ndi mawu ambiri amene anawakonza kale. Anadikira kufikira tsiku limene milomo ya bamboyo inabwerera mtundu wake. Anawamwetsa tiyi, anawakonzera pilo, kenako anayamba.

"Tandiuzani, abambo. Inu ndi nzeru zanu zonse zija, mumafuna kupulumutsa chiyani? Matumba owola? Mumafuna ndikhale wamasiye chifukwa cha utuchi?"

Bamboyo tsopano ankalankhula moduladula, mawu pang'ono, kupuma, mawu pang'ono.

"Sindimapulumutsa. Ndimataya."

"Kutaya?"

"Lalanje lanu lija. Ndinaliona mawa lake lomwe."

Mayiwo anagwidwa ndi manyazi. Anayang'ana bedi loyandikana nalo, koma wodwala wa pamenepo anali mtulo.

"Ndi timabowo ta singano," anapitiriza bamboyo. "Mzere wowongoka. Ntchito ya telala."

"Ndiye munangokhala chete?"

"Ndinalisiya pomwepo. Adokotala ananena zoona. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Koma kutaya bowa wamoyo ndi dzanja langa, sindikanatha. Ndinati bola nkhungu indithandize."

"Nanga bwanji osandidikira tinyamule awiri? Bwanji osaitana anthu? Munachita kusankha tsiku loti ine kulibe!"

"Ndimakudziwani, mayi. Mukanalowa ndi tsache. Pouma, osawaza madzi. Fumbi lonselo likanalowa mwa inu."

Zinali zoona, mayi telala akanalowa ndi tsache, ndipo zimenezo zinawakwiyitsa koposa. Munthu amene anawalankhulira m'khutu ukwati wonse, wofotokoza tinthu tosaoneka kwa aliyense wodutsa pageti, anadzasowa pakamwa pa nkhani imodzi yokha imene inkafunika kulankhula. Akanangonena kuti mayi, ndagonja, ndithandizeni. Iwonso akanangonena kuti abambo, lalanjelo ndaika ndine. M'malo mwake anakhala patebulo limodzi masiku onsewo, aliyense akusunga chinsinsi chomwechomwecho, mpaka mapapo a munthu anaonongeka.

"Ndinu munthu wovuta," anatero potsiriza, misozi ikutsikira pachibwano. "Chibadwire sindinaone munthu wovuta ngati inu."

"Chipinda chija musalowemo kaye. Muwaze madzi a..."

"Khalani chete! Mpweyawu akupatsani kuti muzipuma, osati muziphunzitsa."

Bamboyo anamvera, mwina chifukwa mphamvu zinali zitatha. Anatseka maso. Mayiwo anakokera mpando pafupi ndi bedi, anaika dzanja pachifuwa chowondacho, n'kumamvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka. Ukachedwa pang'ono kubwera, nawonso ankapezeka kuti asiya kupuma, akudikira.